Milomo Yofiira pa Kagalu ka Akapitawo

Amuna anga ndi kapitawo wa gulu lomwe limatsika m'maenje a suweji. Mukaona chivundikiro chachitsulo chatsegulidwa pakati pa msewu, anthu a maovolosi atazungulira, waimvi amene akukalipira anzakeyo ndi iwowo. Pachifuwa, pafupi ndi kolala, amapanikizapo kamakina kachikasu kokula ngati sopo wochapira. Ntchito yake ndi kununkhiza gasi woipa. Kakamumva kamalira mogonthetsa m'khutu, kuthwanima ndi kunjenjemera. Kuntchito kwawo amangokatcha kagalu. Kagalu kakauwa, munthu amasiya chilichonse n'kukwera makwerero.

Kwa zaka zambiri ndine ndinkakasamala. Akaweruka ndinkakapukuta matope n'kukaika pa tchaja pamwamba pa kabati. Lamba wake ataduka ndinasoka wina, poti ine ndine telala. Koma mwezi wathawu anandilanda ntchitoyo popanda kunena chifukwa. Anayamba kukapukuta okha, kukatchaja okha, ine ndikakayandikira amvekere, "Kasiyeni, mayi, ndakaona kale."

Kale kagaluko kankapita kwa amakanika mwa apo ndi apo. Tsopano kanayamba kupita sabata iliyonse. M'nyumba munadzaza mawu a munthu yemwe sindinamuonepo. Amakanika akuti chakuti, amakanika akuti chakutichakuti. Ine ndinkaganiza kuti ndi bambo wina wa girisi m'zikhadabo, mpaka dalaivala wa gulu lawo, munthu wosatha kusunga pakamwa, anati, "Amayi aja ali ndi manja abwino zedi." Ndinafunsa kuti amayi ake ati. Iye anangoliza galimoto n'kumapita.

Ndiye Loweruka masana, ndikupukuta fumbi pa kabati, ndinakanyamula. Kumaso kwake, pomwe pali timabowo tolowera mpweya, panali milomo iwiri, wam'mwamba ndi wam'munsi, yofiira ngati tomato wakupsa. Ine lipisitiki ndinasiya kudzola mwana wathu wachisamba asanayambe sukulu.

Ndinawapeza pakhonde akutsuka majombo.

"Bambo, kagalu kanu kayamba kudzola?"

"Kudzola chiyani?"

Ndinawaonetsa. Anayang'ana, n'kufufuta ndi chala chachikulu, ngati munthu amene akuchotsa kachitosi ka ntchentche.

"Ndi za kuntchito izi."

"Ohoo. M'suweji mwayamba kulowa odzola milomo?"

"Mayi, musayambe."

"Sindinayambe. Ndikayamba mudzadziwa."

Anandilanda kagaluko n'kukaika m'thumba la malaya. Anati Lolemba m'mawa akakasiya kwa amakanika, chifukwa sensa yatsopano yomwe anaitanitsa yafika. Sensa ndiyo mphuno ya kagaluko, zimenezo ndinkazidziwa. Chomwe sindinkadziwa ndi chakuti mphuno amaisintha ndi milomo.

Lolemba m'mawa anapempha madzi otentha ometera ndevu. Munthu wopita ku suweji, kumeta Lolemba! Ndinawapatsa madziwo, ndipo atangotseka chitseko cha bafa, ndinachotsa kagalu pa tchaja n'kukaponya m'chikwama. Kumbuyo kwa kagaluko kunali kapepala komata kolembedwa msewu wa shopuyo. Ndinatuluka osatsanzika.

Shopuyo inali pamwamba pa malo ogulitsa matayala. Masitepe ake ankanunkha labala, ndipo ndinafika pamwamba mawondo akudandaula. M'kati munali moyera kuposa kuchipinda kwanga. Tebulo lalitali, nyale yokhala ndi galasi lokulitsa zinthu, mashelefu odzaza tigalu ta anthu ena, ndi timabotolo tachitsulo tooneka ngati mafulasiki. Pawindo panali kampando ka khushoni yophwanyika pakati.

Ndinkayembekezera kamtsikana koonda kosekerera zilizonse. Kakanakhala koteroko ndikanangokaseka n'kubwerera. Koma uyu anali mzimayi wamkulu ndithu, wathupi lake, wovala jasi yabuluu, magalasi atalendewera pa kachingwe. Milomo ndi yomwe ija.

"Tikuthandizeni, amayi."

Ndinaika kagalu patebulo. Sanawerenge nambala yake n'komwe. Anangoona lamba.

"Aa, ka Akapitawo! Ndiye inu ndinu Atelala. Amakukambanitu kawirikawiri."

"Amandikamba zotani?"

"Zabwino zokhazokha."

"Ndiye kuti amakamba wina."

Anaseka, koma kusekako kunatha msanga. "Iwo ali kuti? Sakupeza bwino?"

Kufulumira kwa funsolo sikunandisangalatse.

"Akumeta," ndinatero.

Anandilozera kampando ka pawindo kaja. Nditakhala ndinamva kuti khushoniyo inaphwanyidwa ndi munthu wolemera kuposa ine, ndipo munthuyo ndinkamudziwa.

"Tisanatsegule, taonani ulesi wake," anatero mayiyo. Anayatsa kagalu, kanalira kamodzi n'kuonetsa manambala. Kenako anakoka mpweya wambiri, anagunditsa pakamwa pake pa timabowo tija, n'kupumirapo pang'onopang'ono mpaka masaya kufiira. Ine ndinangoti maso tong'o. Nambala imodzi inayamba kutsika monyinyirika, ngati mwana wotumidwa kumsika dzuwa likuswa. Mayiyo mpweya unamuthera, anakokanso wina. Kagalu kanadzauwa mochedwa.

"Mwaona? Mpweya womwe timatulutsa uli ndi okosijeni wochepa. Kagalu kabwino kamayenera kuuwa nthawi yomweyo. Aka sensa yake ya okosijeni yakalamba. Uku si kuyesa kwenikweni, ndi chizolowezi chathu chabe, koma makasitomala amamvetsa msanga akaona ndi maso."

Anakabweza patebulo. Pa timabowo panali milomo iwiri yofiira.

"Mumatero ndi tigalu ta aliyense?"

"Ta aliyense. Ena amadandaula kuti akazi awo..." Anaima. Anayang'ana kagalu, anayang'ana ine, n'kugwira pakamwa. "Mayo ine! Lachisanu ndinaiwala kupukuta, eti?"

"Ine sindinanene kanthu."

"Amayi, pepani. Ndicho mwabwerera?"

"Ndabwera kudzasinthitsa sensa. Kapena yatha?"

Kunena zoona mtima unatsika. Ndinayamba kuganiza za diresi la kasitomala lomwe ndinasiya pa makina, ndi zomwe ndikanene kwa bambo ndikafika. Ndikanadziwa ndikananyamuka pomwepo.

Anazimitsa kagalu n'kukagoneka chafufumimba pa kamkeka kalabala. Anavala kalamba padzanja, kolumikizidwa ndi waya kutebulo, kuti magetsi a m'thupi asawononge za m'kati. Anamasula tisikuruwu takumbuyo, n'kumatiponya m'chivundikiro cha botolo kuti tisasowe. Atachotsa chikuto anatukula kabolodi kobiriwira ndi zala ziwiri n'kukatembenuza. Panali masensa ozungulira, ofanana ndi mabatani akuluakulu a jasi, iliyonse mtundu wake.

"Yathu ndi iyi." Anaigwira m'mbali, anaigwedeza pang'ono, inatuluka ndi timiyendo take tachitsulo. Anaiponya m'katini. Yatsopano inali m'kapaketi komata bwino. "Iyi sititsegula mpaka nthawi yoika, chifukwa ikangolawa mpweya yayamba kukalamba."

"Ngati anthu."

"Eyaa." Anavala magalasi, analunjikitsa timiyendo pa timabowo take n'kukanikiza ndi chala. "Ikakana simukakamiza. Mukapinda kamwendo kamodzi, basi mwataya."

Manja ake analidi abwino. Dalaivala sananame. Ndinayang'ana anga, obayidwabayidwa ndi singano, n'kuwabisa pansi pa chikwama.

Kenako analoza sensa ina pambali pake ndi nsonga ya sikuludiraiva. "Iyi ndi ija ndinasintha tsiku lija."

"Ee, tsiku lija," ndinatero, ngati ndikudziwa.

"Ya gasi wonunkha mazira owola. Yoipa kwambiri ndi imeneyi, chifukwa ikafa siinena. Imangoonetsa ziro, munthu n'kumati zonse zili bwino. Ndipo gasiyo akachuluka mphuno ya munthu imasiya kumva fungo." Ankalankhula uku akuchotsa kasefa kakale, kakuda bii ndi fumbi, n'kuika kena koyera. "Anyamata aja Mulungu awadalitse. Akanachedwa kukoka chingwe, bwenzi lero tikunena zina. Akapitawo atabwera kuno masana amenewo sindinawazindikire. Matope thupi lonse, kapu osatha kuigwira. Anakhala pomwe mwakhalapo mpaka ndinatseka shopu."

M'makutu mwanga munkalira ngati mwalowa udzudzu.

Anabwezera kabolodi, anaonetsetsa kuti kalabala kotchinga madzi kakhala bwino m'mphepete, n'kumanga tisikuruwu modumphadumpha, kamodzi uku kena uko, kuti chikuto chisapendekeke. Atayatsa, manambala anayamba kudumpha okha.

"Tikasiye kakhazikike. Sensa yatsopano imayamba yasokonezeka kaye. Tikaiyesa panopa itinamiza. Mumwa tiyi?"

Pa shelefu panali makapu awiri. Yaing'ono yamaluwa, ndi ina yaikulu yothyoka chogwirira. Anatsitsa yaikuluyo n'kuitsuka.

"Mumwera ya Akapitawo. Iwo ndimawaikira shuga pang'ono, poti adokotala anawaletsa. Inu bwanji?"

Kunyumba nkhani ya shuga imeneyo timamenyanirana tsiku lililonse. Ndimabisa botolo, iwo amalipeza. Ndikawaikira pang'ono amakankha kapu n'kunena kuti ndikuwamwetsa madzi otsukira mbale. Kuno amamwa ali phee.

"Ine thirani wambiri," ndinatero.

Anandipatsa tiyi n'kutsamira tebulo. "Nanga maloto aja asiya? Sabata yatha amati akumalotabe ali pansi, makwerero akutalika."

Ndinaika kapu pawindo. Mwezi wonse munthu ankatembenuka pabedi ngati wagonera nyerere, ine n'kumati akuganiza za milomo yofiira. Mayi uyu ankadziwa ndi za m'maloto zomwe, ine wogona pambali pawo osadziwa kanthu.

Nkhope yanga iyenera kuti inandiulula, chifukwa anavula magalasi.

"Amayi... sanakuuzeni?"

"Yang'anani kagalu kanu, mwanawe, kangapse."

"Ine ndimayesa..."

"Ndati yang'anani kagalu."

Pansi ankapopa matayala. Ndinkafunitsitsa nditamupezera chifukwa mayi ameneyu, kaya fumbi pa shelefu, kaya msoko wokhota pa jasi yakeyo. Msoko unali wowongoka. Ndinalakalaka milomo ija ikanakhala ya chibwenzi chenicheni. Chibwenzi ndikanadziwa chochita nacho: kulalata, kuswa kapu, kuitana achimwene awo. Koma munthu amene anapatsa amuna ako tiyi tsiku lomwe anatsala pang'ono kufa, umamulalatira kuti chiyani?

Pa masitepe panamveka majombo. Kayendedwe kameneko ndimakadziwa ngakhale pakati pa msika. Amuna anga analowa ali wefuwefu, tsaya limodzi lometa, lina ndevu zili momwemo, pachibwano atamata kapepala pomwe anadzicheka. Miyendo inawatengera yokha ku kampando ka pawindo. Anapeza pali ine.

"Mayi."

"Bambo. Khalani, mpando wanu uwu. Kapu yanunso iyi, ndakusungirani."

Anayang'ana amakanika. Amakanika anayang'ana kagalu.

"Mwawauza?"

"Ndimayesa akudziwa, Akapitawo."

"Musawakalipire," ndinatero. "Andithandiza. Pena ndizibwera kuno kudzamva za kunyumba kwanga."

Palibe anaseka. Mayiyo anati manambala akhazikika. Anatsegula windo kuti kagalu kayambe kalawa mpweya wabwino, anadina mabatani, kenako anakaveka kachipewa kapulasitiki kumaso, kolumikizidwa ndi kapaipi ku limodzi la timabotolo tachitsulo tija. Anati m'botolomo muli gasi woyezedwa kale, ndipo kuyesa kwenikweni ndi kumeneko. Atatsegula, manambala onse anathamanga, kagalu kanauwa mpaka magalasi a mawindo kunjenjemera.

Ine sindinkayang'ana kagalu. Ndinkayang'ana amuna anga. Anawerama patebulo, milomo ikuwerenga manambala chamumtima, ndipo kagalu katauwa mapewa awo anatsika. Nkhope inamasuka. Nkhope imeneyo kunyumba sindinaione mwezi wathunthu. Ankaipeza kuno n'kuisiya konkuno.

Mayiyo anachotsa kachipewa, anadikira manambala abwerere m'malo, anapukuta kagalu mbali zonse ndi kansalu, n'kupereka kwa ine, osati kwa iwo.

"Akapitawo, ine ntchito yanga ndi tigalu. Muzibwera nako, ndizikayesa. Koma zinazi muzikamba ndi eni ake."

Ananena bwino, ndipo zimenezo zinandikwiyitsanso. Ndani anamupempha kuti andigawire amuna anga?

Tinatsika masitepe, ine patsogolo. Panja dzuwa linali litakwera. Ndinadutsa mulu wa matayala mpaka pa benchi yodikirira basi, n'kukhala. Iwo anaima.

"Khalani pansi. Anthu akuona ndevu zanuzo."

Anakhala kumapeto kwa benchi.

"Zaka zonsezi ndakuchapirani maovolosi onunkha suweji," ndinatero. "Anzanga ankatseka mphuno, ine ayi. Ndiye mukomoke m'dzenje, akukokeni ndi chingwe ngati thumba la simenti, mukalire kwa mayi wa pamwamba pa matayala?"

"Sindinalire."

"Mwayankha chimenecho chokha?"

"Ndinapita kukafunsa chifukwa chomwe kagalu sikanauwe. Basi. Zinazo zinangotuluka zokha."

"Kunyumba sizikanatuluka?"

"Mukanandiletsa ntchito."

"Ndikanakuletsanidi!"

"Ndiye mwaona."

"Ndaona chiyani? Iyeyo sakuletsani chifukwa mukafa apeza kasitomala wina. Ine ndipeza chiyani?"

Anakanda tsaya losameta lija. Basi inaima, kondakitala anatiitana, ndinamubweza ndi dzanja.

"Iye amangomvetsera," anatero. "Inu mumayamba kukonza munthu asanamalize kulankhula."

Zinandibaya. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwakonze, n'kutsekanso. Ndinagwira chikwama ndi manja awiri.

"Chabwino. Yambani. Sindilankhula."

"Inuyo?"

"Bambo, musandiyese. Yambani pachiyambi. Ndipo sindikufuna makombo a zomwe munamuuza uja."

Anayamba movutikira, maso ali pa msewu. Anati linali dzenje wamba, lomwe atsikamo kambirimbiri. Kagalu kanali chete. Atafika pansi anamva fungo la mazira owola, kenako fungolo linatha, iwo n'kuganiza kuti gasi wapita. Atawerama kuti agwire fosholo, anangogwa pansi. Anaona kuwala kwa pamwamba kukuchepa. Anafuna kukuwa, lilime linakana. Anadzidzimuka ali pa tala, anyamata akuwakupiza ndi katoni.

Zonsezi mayi uja ankazidziwa. Ndinaluma mlomo n'kudikira. Kukhala chete ndi ntchito yolemetsa, sindikudziwa kuti ena amatha bwanji.

Kenako anatsitsa mawu.

"Chiyambire tsiku limenelo sindinatsikenso."

Ndinawayang'ana.

"Ndikaponda makwerero miyendo imauma. Ndimawauza anyamata kuti ndi bondo. Ndimamangirira kagalu pachifuwa pa amene akutsikayo, ine n'kugwira chingwe pamwamba. Ndikutumiza ana a eni kumalo komwe ine ndikuopa, mayi. Ndicho ndimakayesetsa sabata iliyonse. Kakadzakhalanso chete, adzakhale ndani pansipo?"

Anaweramitsa mutu. Munthu amene amakalipira msewu wonse.

"Anyamatawo akukhulupirira za bondozo?"

"Kaya. Mwina akungondisungira ulemu."

"Nanga amakanika anu, izi akuzidziwa?"

"Ayi."

"Olo pang'ono?"

"Amayesa ndimatsika. Ndikanawauza bwanji? Palibe amene akudziwa. Ndinu oyamba."

Mulungu andikhululukire, mumtima munakoma. Amuna anga akundiuza chinthu chomwe chikuwadya, ine n'kumamva ngati ndapambana mlandu. Ndinakweza maso kuyang'ana windo la pamwamba pa matayala. Jasi yabuluu inkaoneka itawerama patebulo, ikutsegula kagalu ka munthu wina.

Ndinali ndi zambiri zoti ndinene. Zoti akaonane ndi adokotala, zoti akalankhule ndi abwana awo awapatse ntchito ya pamwamba, zoti munthu waimvi alibe chifukwa chochitira manyazi ndi makwerero. Zonse zinali pa lilime, zitandandalikidwa bwinobwino. Ndinazimeza.

Ndinasendera pakati pa benchi mpaka phewa langa linagunda lawo.

"Pitirizani," ndinatero. "Basi ina ibwera."